Mwendo Ukokane, Loweruka Ndikavina

Khalani pansi inu awiri, musandiimirire pamutu ngati mwabwera kudzandimanga. Limbani, zimitsa kafoni kako, kabaza wako sathawa. Iwe Pilirani, kokera kuno lichero la mtedzalo tiziswa tikucheza, pakamwa pakamagwira ntchito manja asamakhale chabe. Ndikudziwa amene wakutumani. Ndi amayi anu, Aginesi, mwana wanga yemwe ndinamuphunzitsa kuyenda ndi manja anga omwewa. Akuti mudzandinyengerere kuti Loweruka, tsiku lovundukula chiliza cha agogo anu aakazi kwa Kaphwiti, ine ndikakhale pampando phee ngati mlendo wolemekezeka, anyamata akuvina mganda ine ndikuwomba m'manja. Kabudula wanga woyera, malaya, sokosi ndi badza langa lomwe, zonse wazitsekera m'sutikesi, kiyi wamangirira pamfundo ya chitenje. Mlandu wanga ndi wakuti sabata yatha mwendo unandikokana pa pulakatisi ndipo ndinagwa. Inde ndinagwa, sindikukana. Kodi amene wagwa amamuika m'manda pomwepo?

Inu ana a masiku ano mganda mumauonera pafoni, mumauyesa masewera a nkhalamba zosowa chochita. Ife mganda unali ulemu wa mudzi. Gulu la ovina tinkalitcha boma, ndipo boma lililonse linali ndi kingi wake, mawu ake ankamveka kuposa a atate ako okubala. Badza ndi lipenga lija la chiguba mumaliona m'nyumbamu. Atate anga ankasankha okha chiguba kumunda, kuchiumika padenga, kenaka kuboola kabowo n'kumatapo nembanemba ya kangaude imene tinkaisaka m'makoma a nkhokwe. Anyamata a lero amamatapo jumbo, ndiye badza limangolira ngati mbuzi yachimfine. Kabudula tinkamuviika m'madzi a chinangwa kuti aume gwa, kenaka kumusita ndi simbi ya makala. Nsapato zoyera sitinkayenda nazo panjira, tinkazipachika m'khosi, pansi tikuponda ndi nkhwaira za matayala. Iwe Limbani ukuseka, koma nsapato zakozo sizinaonepo sopo chigulireni.

Tsono mverani za mwendo wokokanawu, pakuti ine ndinadziwana nawo amayi anu asanabadwe.

Chaka china, ine ndili mnyamata wa ndevu zongoyamba kumera, a kwa Kaphwiti kumbali ya Kabudula anaitana boma lathu kuti tikapikisane. Anthu amenewo tinali nawo pa chidani chosadziwika mutu wake. Ena ankati chinayambira pa ng'ombe, ena ankati pa mkazi, koma aliyense ankangodziwa kuti a kwa Kaphwiti ndi anthu otchera anzawo. Kingi wathu anali a Lufeyo, munthu wamtali, wa mawu ngati bingu, wovina mosachita kufunsa. Iwowa anapita kwa sing'anga n'kubwerako ndi mankhwala akuda m'kabotolo. Anatitemera mphini m'akatumba tonsefe, kenaka anatipatsa malamulo ake. Akuti kuyambira tsiku limenelo mpaka gule atatha, ndiwo za mchere ayi. Okwatira agone pa mphasa yaokha. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti tikakafika kwa Kaphwiti, madzi a kumeneko tisakalawe ngakhale dontho, thobwa lawo tisakakhudze, chifukwa amathiramo zofooketsa miyendo. Chimene anatiloleza ndi kachasu wa kwathu konkuno, akuti mtima ulimbe.

Unali mwezi wa Okutobala ngati uno, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Tinanyamuka nthanda itangotuluka. Nthawi imeneyo kunalibe za kabaza kapena minibasi, galimoto tinkaiona nyengo ya fodya yokha. Tinadutsa madambo opserera, phulusa la lupsa likutilowa m'mphuno. Madzi a m'zipanda amene tinatenga kwathu anatha dzuwa lisanafike pamutu, pakuti anthu tinali ambiri. Ine, poti ndinali wamng'ono m'bomamo, anandisenzetsa ng'oma yaikulu. Thukuta linkachita kuyenderera mpaka m'nkhwaira, malaya n'kuumanso okha n'kusiya mizere yoyera kumsana. Akuluakulu kutsogolo ankangopatsirana botolo la kachasu uku akuimba. Ine kachasu sindinayambe ndamukondapo, amandiwotcha pachifuwa.

Titayandikira mudzi uja ndinatsalira m'mbuyo, chingwe cha ng'oma chitaduka. Pamenepo panali chitsime m'mphepete mwa dambo, ndipo mtsikana wina ankatunga madzi ndi chikho. Wakuda bii, mano oyera mbee, mpata pakati. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

"Alendo, milomo yachita kung'aluka chonchi, imwani madzi," anatero.

Ine ndinati, "Zikomo, koma atiletsa."

"Akuletsani madzi? Madzi omwewa timamwa ife, amamwa ana, amamwa amfumu. Inu nokha ndiye akupheni? Ndinu ndani inu?"

Atatero anatunga, kumwa iye mwini ine ndikuona, kenaka kutunganso n'kundipatsa chogwada. Ana inu, ndinamwa. Ndinamwa mpaka mimba inati nde! Sindinamwe mobisala ayi, ndinaima poyera, ndipo mnzanga wina amene anabwerera kudzandifuna anandiona. Mtsikana uja anamasulanso mfundo ya nsalu yake n'kundithirira m'manja mtedza wokazinga wothira mchere. Umenewonso ndinatafuna. Mtsikana ameneyo ndiye aNambewe, agogo anu aakazi, amene Loweruka tikukavundukula chiliza chawo.

Mpikisano wa mganda unalibe woweruza wokhala patebulo. Mabwalo ankakhala awiri moyandikana, ng'oma zikulira mbali zonse, ndipo anthu ankapita kumene maso awakokera. Kumene kwadzaza ndiye kwapambana, basi. Tinayamba bwino ife. A Lufeyo atangoponya phazi, khamu lonse linakhamukira kwathu, ntchembere zikululutira, atsikana akulowa m'bwalo kudzatipukuta thukuta ndi mipango. Fumbi linali kobo! Koma dzuwa litangopendeka, ndinamva wa kumanja kwanga akuti, "Mayo ine!" Kucheuka, munthu ali pansi wagwira katumba, mnofu utachita mfundo ngati mbatata, zala za phazi zitapindikira pansi. Asanamunyamule, wina kumbuyo nayenso khu! Kenaka wina. Ndiye a Lufeyo amene, pakati pa sitepe yawo yonyadira ija, mwendo unangowauma, anagwa chagada, badza uko, chipewa uko. Ankakuwa ali pansi pomwepo, "Atitchera! Agalu awa atitchera!"

Anthu anaseka, inu. Kuseka kwake kogwira nthiti. Khamu lonse linasamukira ku bwalo la eni mudzi, kwathu kunangotsala ana ndi agalu. Otsala pamzere, ataona kingi ali pansi, anachita mantha n'kutuluka m'bwalo. Koma woimba ng'oma sanaleke, kaya anasokonezeka kaya chiyani, ndipo ine ndinati nyimbo siithera panjira ine ndili chilili. Ndinavina ndekhandekha mpaka inatha. Amene analowa kudzandipukuta nkhope anali mtsikana wa pachitsime uja, abale ake akumuyang'ana ndi maso ofiira.

Mukuganiza kuti kwathu anandiyamika? Aaa, dikirani. Titabwerera, boma lonse linakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, ine anandiika pakati. A Lufeyo anati, "Iwe ndiwe watigulitsa. Wamwa madzi awo, wadya mchere wawo, wasukulutsa mankhwala a tonsefe. N'chifukwa chake anzako anagwa." Ine ndinafunsa mwaulemu ndithu, ndili chonyonyomala, "Akingi, ngati madziwo anali otchera, bwanji amene ndinamwa ndine amene ndinatsala chilili?" Iwo anati, "Pamenepo ndiye pali umboni. Anakusiya dala poti ndiwe wawo." Mwaiona nkhani yake? Ukagwa wolodzedwa, ukapanda kugwa ndiwe mfiti. Anagamula kuti ndibweretse tambala woyera ndipepese pamaso pa onse, apo ayi ndisadzapondenso m'bwalo lawo.

Atate anga anandiitanira kuseri kwa khola. "Mwana wanga, tambala n'chiyani? Tenga wanga uyo ukapereke, nkhani ithe." Ndinawayankha kuti, "Atate, tambala si kanthu, koma ndikapereka ndiye kuti ndavomera kuti munthu waludzu akamwa madzi walakwa. Zimenezo ine ayi." Iwo anangoti ndatengera amayi anga kuuma mutu. Malo anga pamzere anapatsa wina. Anzanga amene tinkasaka nawo mbewa anayamba kundilambalala panjira. Ng'oma zikamalira madzulo ine ndinkakhala pakhonde, mapazi akuvina okha pansi. Zinandiwawa kwambiri, sindikubisirani. Koma tambala uja anafa ndi ukalamba m'khola la atate.

Mvula itagwa n'kukata, ndinatuma amalume anga kwa Kaphwiti kukafunsira mbeta. Anthu kuno anati, "Mwaona? Si tinanena?" Ine ndinati nenani, pakamwa mpanu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinakakhala chikamwini komweko, kanyumba kozungulira kumapeto kwa mudzi, kulima munda wa apongozi tambala asanatsike. Chikamwini si masewera, iwe Limbani, si zanu izi zongotengana pa Nsaru n'kukachita lendi. Alamu anga poyamba ankanditcha kazitape. Koma boma la kumeneko litamva kuti mkamwini uja ndi yemwe anavina yekha tsiku lija, anandiitana, ndipo ndinalowa pamzere wawo.

Ndinkafunitsitsa kuona mankhwala awo otchukawo. Ndinadikira, kudikira. Mphini ankatemera nawonso, sindinganame, Achewa ndife amodzi. Koma kumeneko tsiku la gule amayi ankaika mitsuko ya madzi ndi thobwa m'mphepete mwa bwalo, nyimbo ikatha aliyense kukamwa. M'mawa ovina ankadya nsima ya nkhwani wotendera, mchere wake wokwanira bwino, ena futali. Ndipo gule asanayambe ankayamba pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, kudumphadumpha kuti miyendo idzuke. Si kuti kumeneko mwendo sunkakokana. Unkakokana ndithu, koma ndinayamba kuona amene unkawagwira. Anali aja ogona ku mowa dzulo lake, aja obwera pabwalo atalima tsiku lonse, ndi aja ongotulukira pa mpikisano chaka chonse asanavineko. Ndinayamba kuwerengera ndekha m'mutu za tsiku lija: ulendo wa dzuwa lonse, thukuta lopanda chobwezera, masiku osalawa mchere, kachasu pamwamba. Amene anatitchera anali m'kabotolo ka a Lufeyo momwe.

Kuyambira pamenepo mwendo wokokana ndakumana nawo m'makona onse a moyo wanga, ndipo palibe tsiku unabwera wopanda chifukwa. Zaka za fodya, nyengo ya nazale ngati ino, tinkathirira mabedi ndi makheni, m'mawa ndi madzulo, kutsika kuchitsime kukwera, kutsika kukwera. Munthu ukaiwala kumwa, pogona mwendo umakukumbutsa. Nthawi yosoka fodya ndiye zosiyana, umakhala pansi m'chigafa tsiku lathunthu utapinda miyendo, ndiye poti udzuke, gwi! Kugwira ntchito kwambiri umakokana, kukhala malo amodzi umakokananso, mwendo ndi chinthu chosayamika. Chaka china kunagwa matenda otsegula m'mimba, anthu ankalira miyendo kuposa mimbayo, poti madzi onse anali atatha m'thupi. Amene anawamwetsa madzi a mchere ndi shuga n'kuthamangira nawo kuchipatala anapulumuka. Ena anathamangira kukaombeza, sindinena zambiri.

Iwe Pilirani usayang'ane kumbali, ndinakuona dzana lija ukudzuka pa mtondo ukutsimphina. Ndi pakati pakopo, eti? Usachite manyazi, ndine mwamuna wako woyamba ine, uyo anakutengayo ndi wakuba chabe. Agogo ako ali ndi pakati pa amayi ako, miyezi yomalizira miyendo inkawakokana mpaka kulira misozi. Ntchembere zinayamba kunong'ona kuti mwina mkamwini wayenda njira zachilendo, wamudula mkazi wake. Ine! Munthu wosadziwa khomo la wina. Ndinkangowaphikira madzi ofunda n'kumawathowa ndi kansalu. Mwana atabadwa zonse zinatha zokha, onong'ona aja n'kubwera kudzanyamula khanda osachita manyazi. Iweyo ukapita ku sikelo ukawauze anamwino, usamangopirira poti dzina lako ndi limenelo. Kodi amayi ako akutsekera mtondo m'sutikesi chifukwa mwendo unakukokana?

Atate anga atamwalira, ndinapempha chitengwa, akuchikazi anavomera, ndipo ndinabwera nawo agogo anu kuno. Ndinapeza boma lathu litatha ngati makatani. Anyamata anali atabalalikira ku maesiteti ndi ku tauni, otsala sankadziwa ngakhale kumata badza. Anabwera okha pakhomo panga kudzandipempha kuti ndiwaphunzitse. Ndinati chabwino, koma mitsuko izikhala pabwalo. A Lufeyo anali atakalamba, akuyendera ndodo, koma ankabwera kudzaonerera. Tsiku lililonse akandiona ankati, "Iwe, tambala wanga uja." Ine ndinkati, "Akingi, akadali dzira." Tinkaseka, koma onse awiri tinkadziwa kuti si nthabwala. Anapita nazo kumanda akukhulupirira kuti ndinawasukulutsira mankhwala. Bokosi lawo ndinanyamula nawo, ndinaliranso, pakuti kuvina anandiphunzitsa ndi iwo. Koma kupepesa sindinapepese.

Tsono tibwere ku za sabata yathayi, zimene amayi anu akuzitenga ngati kugwa kwa denga. Ine ndikudziwa chimene chinandigwetsa, ndingakuwerengereni ngati mbeu za m'nkhokwe. Dzulo lake ndinakhala pamaliro tsiku lonse, pa njerwa, miyendo chopinda. M'mawa mwake ndinakathirira tomato kudimba dzuwa likuswa mtengo. Madzi sindinamwe. Chifukwa chake ndi timapiritsi ta BP tija anandipatsa kuchipatala, timanditumiza kuseri kwa nyumba pafupipafupi ngati mwana, ndiye ndinati ndikamwa madzi anyamata aziseka kuti agogo akungotuluka pamzere. Panjira wina anandipatsa chipanda cha masese, ndinati ndisanyoze. Ndi ukalamba pamwamba, pakuti minofu ya nkhalamba ili ngati legeni yokhalitsa padzuwa. Nanga mwendo ukanatani? Unachita zimene unachita wa a Lufeyo.

Amayi anu ananditengera ku chipatala cha mishoni ngati ndikufa. Adokotala anaugwiragwira mwendo, kuyang'ana ngati watupa kapena ukutentha, kuyeza magazi, kuyeza shuga. Anati zonse zili bwino. Anandiuza kuti mapiritsi ndisasiye, madzi ndizimwa ngakhale azinditumiza kuseri, ndizidya masamba, nyemba ndi nthochi, mowa ndichepetse. Anatinso mwendo ukadzatupa, kapena ukamadzapweteka nthawi zonse ndikayenda n'kuleka ndikaima, kapena ukadzachita dzanzi losatha, ndidzathamangire komweko chifukwa zimenezo ndi nkhani ina. Ine ndinafunsa dala, Aginesi ali pomwepo, "Nanga kuvina?" Anaseka n'kunena kuti miyendo yongokhala ndiyo imavuta kwambiri, bola ndizidziwa polekera. Amayi anu mawu amenewo sanawamve, makutu awo anatola a BP okha.

Sindikumuda mwana wanga ayi. Ndikudziwa chimene chikumudya. Amayi ake anagwa pakhomo pompano akuanika ufa, osadwala, osatsazika, ndipo Aginesi ndi amene anawapeza. Kuyambira tsiku limenelo akangomva kuti wina wagwa, mtima wake umathawira komweko. Akuopa kuti ndikagwa pakati pa akuchikazi anthu akaseka, kapena ndikathyola chiuno, kapena sindikadzukanso. Mantha akewo ndi achikondi, ndikuvomera. Koma chikondi chotsekera munthu m'sutikesi ine sindichifuna. Akulu anati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Wangawu sunathyoke, unangokokana.

Ndipo mudziwe ichi. Agogo anu atamwalira, alongo awo anabwera kudzatenga thupi kukaika kwawo, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinangotsatira pambuyo ngati mlendo. Pamaliro mwamuna alibe mawu, amakhala pamphasa, amalira, amadikira kumetedwa. Mvula yagwa kawiri tsopano ndilibe chimene ndawachitira mkazi wanga. Simenti ya chiliza mwagula ndinu, mbuzi wapereka ndi mkamwini, nyimbo za Misa aimba ndi akwaya. Changa ine n'chiyani? Ndilibe ng'ombe, ndilibe mawu okoma olankhula pa chinkuzamawu. Ndili ndi miyendo iwiri yomweyi. Anyamata a boma la kwa Kaphwiti atumiza uthenga kuti malo anga pamzere wa kutsogolo andisungira. Ndiye ndikawauze kuti mwana wanga wandibisira kabudula?

Wati chiyani, Limbani? Akuti sindingathenso kutembenuka pa sitepe? Iwe mwana iwe, chotsa licherolo. Womba m'manja, Pilirani, pang'onopang'ono, eya choncho. Taona, phazi lamanzere limatsogola, thupi limatsalira, kenaka umagwa ngati ukugwadi koma osagwa, ndiye potembenuka umati...

Mayo! Mayo ine, wandigwira! Ayi, ayi, musakuwe, musaitane munthu. Ndikhazikeni pansi. Limbani, gwada apa. Wongola bondo langali, lisapindike. Tsopano gwira chidendene ndi dzanja limodzi, linalo ugwire zala zonse pamodzi ndi chala chachikulu, uzikankhire kuno kwa ine, cha kumaso kwanga. Kankha, usandimvere chisoni, si dzira limeneli! Eyaa. Gwira pomwepo, usasiye. Pilirani, sisita katumbayo kuchokera pansi kupita m'mwamba, ukuimva mfundoyo? Choncho. Ikumasuka. Ikumasuka. Basi, wandisiya. Ndipatseni madziwo.

Mwaona? Ndafa? Ndadzuka pansi osaiwongola miyendo nditakhala nthawi yonseyi ndikulongolola, ndiye wandilanga, ndi ufulu wake. Ndigwire dzanja ndiime. Onani, ndikuponda. Mawa m'mawa udzangotsala kuwawa pang'ono ngati pomenyedwa ndi chibakera.

Usachotse msanga dzanja lako, Limbani. Chimwalirireni agogo ako, phazi limeneli palibe analigwirapo kupatula adokotala aja. Ukandigwira mwendowu ndili ndekha m'nyumbamo, ndimadzikoka ndekha ndi lamba, ndikuluma mano kuti amayi anu asamve. Kale ndikangoti "aNambewe", iwo anali atadzuka kale, phazi lili m'manja, akundinyoza kuti, "APhiri, madzi munamwa lero?" Zimenezo ndiye ndimazisowa, ana inu, kuposa nsima yawo. Iwe manja ako ndi olimba bwino, koma umakankha mwamantha. Loweruka ukanditenge pa njinga yako yamotoyo, tikanyamuke kusanatenthe, ndikakhale ndi nthawi yowongola miyendo. Pabwalo ukaime kumanzere kwanga ndi chigubu cha madzi. Ndikagwa usakandinyamule, usakaitane amayi ako. Ukachite zomwe wachitazi, ndikadzuke nyimbo isanathe.

Ndani ali pachitseko apo? Aginesi, tuluka, ndaona mapazi ako kalekale. Wamva zonse eti? Usalire mwana wanga, bwera. Chimenecho n'chiyani wabisa kumbuyo? Aa, kabudula wanga. Wachita makwinya chonchi ngati anagonera galu! Pilirani, kakoleze makala m'simbi, ya magetsi ija siidziwa kabudula wa mganda. Badza lili kuti? Bweretsa ndione ngati mphemvu sizinadye nembanemba.

Ukuti chiyani? Nyimbo imodzi yokha, kenaka ndikakhale pansi? Mwana wanga, tandiyang'ana. Amayi ako, kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu, sanachokepo pabwalo ine ndikuvina. Ndi mwana kumsana anaima, ndi pakati anaima, mvula ikuwaza anaima, mpaka ng'oma yomaliza. Ndiye Loweruka, tsiku lomaliza limene mudzi wawo udzasonkhane chifukwa cha dzina lawo, ine ndikawapimire nyimbo imodzi ngati mchere wa paokala? Madzi ndikamwa, masese sindikalawa, mwendo ukakokana mwana uyu alipo. Koma pabwalo ndikachoka woimba ng'oma akatopa.